Mpweya wa m'zipinda za maseva uziyezedwa

Wolemekezeka Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anthu amene amayang'anira nyumba ndi zipinda zosungiramo makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, zimene zimadziwika kuti data center, komanso ndi akuluakulu a mabungwe amene amavomereza ndalama zoyendetsera malo amenewa. Nkhani ya chitetezo cha malowa ikamakambidwa, chimene chimamveka kawirikawiri ndi kuzima kwa magetsi, kutentha, ndi akuba a pa intaneti. Zimenezi n'zofunikadi, ndipo n'chifukwa chake ndalama zambiri zimathera pa majenereta, mabatire, makina oziziritsa ndi maloko. Koma za mpweya weniweniwo umene umadutsa m'maseva usana ndi usiku, ndi ochepa amene amafunsa kuti wanyamula chiyani. Ambiri amangouyeza kutentha, akaona kuti m'chipinda mukuzizira ndipo pansi pakuwala, mtima umakhala m'malo. Ine ndikuona kuti kumeneku ndi kulekerera kumene kumawononga katundu wa mtengo wapatali, pomwe njira yodziwira ngati mpweya uli bwino ndi yosavuta ndipo inalembedwa kale m'malangizo a akatswiri.

Maseva ambiri amaziziritsidwa ndi mpweya. Mafani a mkati amakoka mpweya kutsogolo, kuudutsitsa pa mabolodi, omwe ndi mapale okhala ndi timizere ta mkuwa todutsitsa magetsi, ndi pa tizipangizo tonse, n'kuutulutsira kumbuyo, ndipo amatero chaka chonse osapuma. Choncho chilichonse chimene chili mumpweyawo, ngakhale chichepe bwanji, chimakhudza zitsulo za mkati mobwerezabwereza, ndipo china chimatsalira momwemo.

Fumbi looneka ndi maso limene limaunjikana pa zotsekera za kutsogolo ndi pa zitsulo zochotsa kutentha ndi losavuta kulimvetsa. Limatseka njira ya mpweya, mafani amayamba kuthamanga kwambiri, magetsi amapita ambiri, ndipo seva ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro kapena kuzima kumene. Limavutitsanso polumikizira mawaya a fiber, chifukwa kanjira kamene kuwala kumadutsamo mu waya wa mtunda wautali ndi kotambalala ma micron pafupifupi 9 okha (micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pamene tsitsi la munthu limakhala pakati pa ma micron 50 ndi 100, moti kachitsotso kamodzi pa nsonga ya waya kamatha kufooketsa kapena kudula kumene mauthenga. Komabe fumbi lalikululi si limene limandidetsa nkhawa kwambiri, pakuti sefa wamba imaligwira ndipo munthu amaliona.

Loopsa ndi fumbi losalala kwambiri, la ma micron 2.5 kapena kucheperapo, limene limachokera ku utsi wa magalimoto, wa dizilo, wa malasha ndi wa moto wa zinyalala. Fumbi limeneli limakhala ndi michere yosiyanasiyana, ina ya sulfate ina ya nitrate, ndipo michere ili ndi khalidwe limene aliyense analionapo pa mchere wosiyidwa pambalambanda nthawi ya mvula: chinyezi chikafika pa mlingo wina, umayamwa madzi a mumpweya n'kunyowa wokha. Mchere wamba umatero chinyezi chikafika pa 75 peresenti, koma ilipo michere ina yosachedwa, monga ammonium hydrogen sulfate imene imanyowa chinyezi chili cha m'ma 40 peresenti, ndi magnesium chloride imene imanyowa chinyezi chisanafike n'komwe pa 35 peresenti. Fumbi louma likakhala pa bolodi silidutsitsa magetsi kwenikweni, koma likanyowa limasanduka njira ya magetsi pakati pa timizere ta mkuwa timene tinayenera kukhala totalikirana, ndipo pamenepo mpamene pamayambira shoti ndi dzimbiri. N'chifukwa chake bungwe la mainjiniya la ASHRAE, kudzera mu komiti yake ya TC 9.9, linalemba m'malangizo ake a 2009, amene linawakonzanso mu 2011, kuti fumbi la mu data center lisakhale la mtundu wonyowa chinyezi chisanapitirire 60 peresenti. Tanthauzo lake n'lakuti kuchuluka kwa fumbi pakokha sikunena zonse. Pamafunikanso kudziwa mtundu wake ndi chinyezi chimene likukumana nacho.

Pali ena amene amatsutsa zonsezi potchula zimene kampani ya Intel inapeza, ndipo ndi bwino kuwamvetsera. Mu 2008 kampaniyi inalengeza zotsatira za kuyesa kumene inachita ku New Mexico, m'dziko la America, kwa miyezi 10 ndi maseva pafupifupi 900. Gawo lina la masevawo linkaziziritsidwa ndi mpweya wa kunja wosefedwa pang'ono chabe, popanda kuwongolera chinyezi, mpaka fumbi linayala pa makinawo. Maseva amene anawonongeka m'gawo limenelo anali 4.46 peresenti, poyerekeza ndi 3.83 peresenti ya mu data center yaikulu ya kampaniyo, kusiyana kumene sikunali kwakukulu. Zimenezi n'zoona, koma tisaiwale kuti New Mexico ndi dera louma, ndiponso kuti miyezi 10 ndi nthawi yaifupi pa moyo wa seva. Phunziro limene ndimatengapo ine ndi lakuti fumbi louma la kuchipululu maseva amalipirira, osati kuti fumbi lililonse kulikonse ndi losavulaza. Woyang'anira malo amene ali pafupi ndi nyanja ya mchere, kapena pakati pa mzinda wa utsi ndi chinyezi, akatengera chitsanzo cha Intel osayeza mpweya wake, akudalira umboni wa nyengo imene si yake.

Tsopano ndifike pa mipweya yowononga zitsulo, imene ndi gawo limene limanyalanyazidwa koposa, chifukwa sefa ya fumbi, ngakhale ikhale yabwino chotani, siigwira. Yodziwika kwambiri ndi ya sulufule: hydrogen sulfide, uja wonunkha ngati dzira lovunda, ndi sulfur dioxide. Palinso chlorine, ozone ndi mipweya ya nitrogen oxide imene imathandizira kuti dzimbiri lifulumire. Magwero ake ndi mipope ndi madamu a zonyansa za m'chimbudzi, malo otayirako zinyalala, madambo, mafakitale a mapepala, a matayala ndi a feteleza, malo oyengera mafuta, malo owotchera malasha, ndi akasupe a madzi otentha. Mzinda wa Rotorua ku New Zealand umadziwika ndi vuto limeneli, chifukwa hydrogen sulfide wotuluka m'nthaka amadya zipangizo zamagetsi msanga. Koma sikuti munthu achite kukhala pafupi ndi chiphalaphala kuti akumane nazo. Paipi ya utsi ya jenereta yake yomwe, ikayang'ana kumene makina oziziritsa amakokera mpweya, ndi yokwanira.

Chimene chinachititsa kuti nkhaniyi ikule m'zaka zapitazi ndi kusintha kwa kapangidwe ka makinawo. Pa 1 July 2006 lamulo la European Union lotchedwa RoHS linayamba kugwira ntchito, ndipo linaletsa mtovu ndi zinthu zina zapoizoni m'zipangizo zambiri zamagetsi. Lamuloli ndi labwino pa umoyo wa anthu ndi chilengedwe, ndipo sindikulitsutsa. Koma opanga mabolodi ambiri atasiya kukuta mkuwa ndi chitsulo chosakaniza mtovu, ena anayamba kuukuta ndi siliva wopyapyala, ndipo zinaoneka kuti m'malo a mpweya wa sulufule mabolodi oterewa amagwidwa ndi dzimbiri loyenda. Sulufule akakumana ndi mkuwa amapanga copper sulfide, ndipo dzimbiri limeneli silikhala pamalo amodzi: limafalikira pang'onopang'ono pamwamba pa bolodi mpaka kulumikiza timizere tiwiri toyandikana, n'kuchititsa shoti. Siliva naye ali ndi vuto lake. Ma resistor ang'onoang'ono omatidwa pa bolodi, omwe ndi tizipangizo tochepetsa mphamvu ya magetsi odutsa, amakhala ndi siliva m'nsonga zake, ndipo sulufule akalowa amasandutsa silivayo kukhala silver sulfide wakuda, amene amatupa n'kudula njira ya magetsi. Onjezanipo kuti tizipangizo tikunkera ticheperachepera ndipo mipata ya pakati pa timizere ikunka ifupikirafupikira, muona kuti dzimbiri limene makina akale akanalipirira kwa zaka zambiri, makina a lero lingawagwetse asanakalambe.

Mlingo wa mpweya umene umachita zimenezi ndi wochepa modabwitsa. Muyezo wa ISA 71.04, wolembedwa ndi bungwe lina la mainjiniya lotchedwa ISA, umagawa malo m'magulu anayi, kuyambira G1, amene ndi malo abwino, kudzera G2 ndi G3, mpaka GX, amene ndi malo oipitsitsa. Kuti malo akhale mu G1, hydrogen sulfide amayenera kukhala wosafika magawo 3 pa magawo 1 biliyoni a mpweya, ndipo sulfur dioxide wosafika magawo 10. Pa mlingo wotere mphuno si mboni yodalirika, makamaka poti munthu wogwira ntchito pamalo amodzi tsiku ndi tsiku amazolowera fungo n'kusiya kulimva.

Choipa cha kuwonongeka kotereku n'chakuti sikudzionetsa dzina. Seva imangodzizimitsa n'kuyakanso popanda chifukwa chooneka, memory imayamba kulakwitsa apa ndi apo, gawo lopereka magetsi limapsa, lina latsopano limaikidwa, nalonso limapsa patapita miyezi. Mlandu umagwera wogulitsa makina kuti anabweretsa katundu wachabechabe, kapena opereka magetsi, kapenanso wachinyamata amene amayang'anira chipindacho, amene kawirikawiri alibe mphamvu yopempha ndalama zofufuzira. Zigawo zowonongekazo zimatayidwa kapena kubwezedwa popanda wina kuziyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, ndiye umboni umapita nazo limodzi.

Njira yodziwira zoona ndi iyi. Pamatengedwa timapale tiwiri tating'ono toyeretsedwa bwino, kena ka mkuwa kena ka siliva, n'kutipachika kutsogolo kwa makabati a maseva kumene mpweya umalowera, tiwiri cha m'munsi ndi tiwiri tina cha m'mwamba mwa kabati, ndipo timasiyidwa pamenepo masiku 30. Kenako timatumizidwa ku labotale kukayeza kuchindikala kwa dzimbiri limene lamera. Malangizo a ASHRAE a 2011, amene ISA inagwirizana nawo pokonzanso muyezo wake mu 2013, amati dzimbiri la pa mkuwa lisafike ma angstrom 300 pa mwezi ndipo la pa siliva lisafike ma angstrom 200 pa mwezi. Angstrom imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 10 biliyoni a mita, choncho tikunena za kuchindikala kumene diso silingakuyeze. Ndikofunika kuti timapale tonse tiwiri tikhalepo, chifukwa mkuwa wokha unkanamiza anthu: pali malo amene mkuwa unkaonetsa kuti zonse zili bwino pamene siliva akudyeka. Alipo makina amene amayeza dzimbiri mosalekeza n'kuonetsa ola limene mpweya unaipa, ndipo ndi othandiza pofuna kudziwa ngati vuto limabwera jenereta ikayaka kapena mphepo ikasintha kolowera, koma bungwe limene silingakwanitse kugula makinawo lisagwiritse ntchito chimenecho ngati chowiringula, pakuti mtengo wa timapale ndi kachigawo kochepa chabe ka mtengo wa seva imodzi.

Pa fumbi, muyezo umene ASHRAE imalimbikitsa ndi Class 8 ya ISO 14644-1, kutanthauza kuti mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya musakhale tinthu topitirira 3,520,000 ta kukula kwa theka la micron kapena kuposerapo, ndiponso tosapitirira 29,300 ta ma micron 5 kapena kuposerapo. Manambalawa akuoneka aakulu, koma mpweya wa panja m'mizinda yambiri umawapitirira kutali. Kuti zimenezi zitheke, malangizowo amati mpweya wozungulira m'chipinda uzisefedwa mosalekeza ndi sefa za mlingo wa MERV 8 (MERV ndi muyezo wa mphamvu ya sefa yogwira fumbi), ndipo mpweya wolowa kuchokera kunja uzidutsa m'sefa za MERV 11, makamaka MERV 13. Kusiyana kwake ndi kwenikweni, chifukwa MERV 8 inapangidwira tinthu tokulirapo, pamene MERV 13 imagwira theka kapena kuposerapo la tinthu ta pakati pa 0.3 ndi micron imodzi, komwe kuli utsi uja. Komabe sefa yabwino yoikidwa mosiya mpata m'mbali, kapena yosiyidwa mpaka kutsekeka n'kupindika, ndi chimodzimodzi kusakhalapo, ndipo nthawi yosinthira sefa iyenera kudziwika poyeza mmene mpweya ukuvutikira kudutsa, osati pongoyang'ana kalendala. Kumene timapale taonetsa kuti mpweya wa sulufule wachuluka, pamafunika sefa za mtundu wina, zodzazidwa ndi makala okonzedwa mwapadera otchedwa activated carbon, kapena timibulu tonyikidwa mu potassium permanganate, zimene zimayamwa kapena kusintha mipweyayo. Nazonso zimatha mphamvu, ndipo zikatha sizionetsa kunja, choncho timapale tija timafunikabe ngakhale sefazo zitaikidwa.

Sikuti zonyansa zonse zimachokera kunja. Zambiri zimapangidwa m'chipinda momwemo, ndipo apa ndiye pamene ndimaona kusasamala kosafuna n'komwe ndalama kuti kuthe. Makatoni amathothoka tinyenyeswa, ndiye makina atsopano azimasulidwa kunja kwa chipinda cha maseva, ndipo chipindacho chisasanduke mosungira mapepala, maprinta ndi mipando yothyoka chifukwa choti chili ndi loko wabwino. Simenti yosapakidwa mankhwala otsekera imatulutsa fumbi kwa zaka zambiri, makamaka ya pansi pa matailosi okwezedwa kumene mpweya wozizira umadutsa. Malamba a mafani a makina oziziritsa akamatha amamwaza fumbi lakuda. Makina owonjezera chinyezi amene amapopera timadontho ta madzi amamwaza michere yonse ya m'madzimo ngati madziwo sanayeretsedwe, ndipo umu ndi mmene magnesium chloride ija imafikira pa mabolodi. Kuboola khoma kapena kudula chitsulo maseva akuyaka, popanda kutchinga malo a ntchitoyo, kumalowetsa m'makina fumbi lochuluka pa tsiku limodzi kuposa la miyezi yambiri. Ndipo tsache lisalowe m'chipinda chotere, chifukwa silichotsa fumbi koma limangolidzutsa kuti mafani alikoke. Pamafunika makina oyamwa fumbi okhala ndi sefa ya HEPA, imene imagwira 99.97 peresenti ya tinthu ta 0.3 micron, ndi chikolopa chofinyidwa bwino chopanda mankhwala a chlorine. Woyeretsa amene amasesa si wolakwa ngati sanaphunzitsidwe. Wolakwa ndi amene anamupatsa kiyi ndi tsache. Chinanso n'chakuti mpweya wa m'chipinda uzikhala wopanikizika pang'ono kuposa wa panja, kuti chitseko chikatsegulidwa mpweya uzituluka m'malo molowa, ndipo mabowo onse odutsamo mawaya ndi mapaipi azitsekedwa.

Pali chinthu china chimene oyang'anira nyumba zakale ayenera kuchidziwa, ndicho tindevu ta zinki, timene akatswiri amati zinc whiskers. Matailosi ambiri a pansi pokwezedwa ali ndi chitsulo kunsi kwake chokutidwa ndi zinki pogwiritsa ntchito magetsi, ndipo patapita zaka zinkiyo imamera tiulusi topyapyala kwambiri, totalika mpaka mamilimita angapo. Tiulusiti timadutsitsa magetsi. Tailosi ikanyamulidwa kapena kukokedwa pansi, timathothoka, mpweya wa pansi n'kutiulutsira m'maseva, ndipo tikagwera m'gawo lopereka magetsi timachititsa shoti, nthawi zambiri n'kusungunukiratu osasiya chizindikiro. Akatswiri a NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, pa malo ake a Goddard analemba za kuwonongeka kwa makompyuta awo chifukwa cha tindevu timeneti. Kutiona n'kosavuta: tailosi imachotsedwa mosamala, kupita nayo kunja kwa chipinda, n'kuiunika cham'mbali ndi tochi pamalo a mdima, ndipo ngati tilipo timanyezimira. Amene wapeza zimenezi asathamangire kupukuta matailosi maseva akuyaka, chifukwa akhoza kumwaza m'tsiku limodzi zimene zinamera kwa zaka 20.

Ndikudziwa kuti pali chikakamizo chachikulu chochepetsa magetsi amene ma data center amagwiritsa ntchito, ndipo njira imodzi yotchuka ndiyo kuziziritsa ndi mpweya wa kunja ndi kulola kutentha ndi chinyezi kukwera pang'ono. Ine ndikugwirizana nazo, pakuti kuziziritsa chipinda mopitirira muyezo ndi kutaya ndalama, ndipo ASHRAE yomwe imalimbikitsa kuti mpweya wolowa m'maseva ukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27 a Celsius. Koma tione mmene bungwe lomwelo linalembera m'malangizo ake a 2021: chinyezi chikhoza kuloledwa kufika 70 peresenti kumene timapale taonetsa kuti dzimbiri ndi lochepa, koma kumene dzimbiri lapitirira malire aja, chinyezi chisapitirire 50 peresenti. Apa zikuonekeratu kuti ufulu wopulumutsa magetsi wamangiriridwa pa kuyeza. Amene sanayeze sakudziwa kuti ali m'gulu liti, ndipo akakweza chinyezi akungoyesa mwayi ndi katundu wa eni.

Umboni wina wochititsa chidwi unachokera ku kampani ya Microsoft, imene mu 2018 inamiza m'nyanja, pafupi ndi zilumba za Orkney ku Scotland, chithanki chotsekedwa chokhala ndi maseva 864, chodzazidwa ndi nitrogen wouma m'malo mwa mpweya wamba. Chitavuulidwa mu 2020, kampaniyo inanena kuti maseva amene anawonongeka anali gawo limodzi mwa magawo 8 a chiwerengero chimene chinaoneka pa maseva ofanana nawo a pamtunda, ndipo inaganiza kuti zifukwa zake zinali mpweya wosadya zitsulo komanso kusakhalapo kwa anthu ogunda ndi kugwedeza makina. Palibe amene akunena kuti tonse timize maseva m'madzi, koma zotsatirazi zikusonyeza kuti gawo lalikulu la kuwonongeka kumene timakuona ngati kwachibadwa limachokera ku malo amene makinawo akukhala.

Pempho langa likupita makamaka kwa eni zipinda zing'onozing'ono za maseva m'maofesi, m'masukulu, m'zipatala ndi m'mabanki, chifukwa makampani akuluakulu ali ndi akatswiri awo olembedwa ntchito imeneyi, pamene chipinda cha makabati awiri kapena atatu kawirikawiri chimapatsidwa malo otsala, moyandikana ndi poimika magalimoto, chimbudzi kapena jenereta. Asanasankhe malo a chipinda chatsopano, apachike timapale pamalopo mwezi umodzi. Amene ali nacho kale ayeze kangapo pa chaka, m'nyengo zosiyana, popeza mpweya wa nyengo youma ndi wa nyengo ya chinyezi sufanana, ndipo zotsatirazo zizisungidwa pamodzi ndi kaundula wa zigawo zimene zawonongeka, kuti ziwirizi zizitha kuyerekezedwa. Awerengenso mapepala a makina amene anagula, chifukwa opanga maseva akuluakulu amalemba malire a fumbi ndi mipweya m'zofunika za malo oikapo makina awo, ndipo amatha kukana kukonza mwaulere ngati zapezeka kuti malirewo anaphwanyidwa. Ndipo amene amachita lendi malo mu data center ya kampani ina, pofunsa za majenereta ndi makamera afunsenso mlingo wa sefa zimene zimagwiritsidwa ntchito ndi zotsatira za timapale ta mkuwa ndi siliva za miyezi yapitayo, n'kuonetsetsa kuti Class 8 ndi G1 zalembedwa mu mgwirizano umene akusainira.

Ine wanu,
Wowerenga wogwira ntchito yosamalira makina a kompyuta